Funsani Anti: Batiki ija tiidule kapena ingokhala m'sutikesi?

Mwezi uno makalata a nsalu aposa a mavuto a m'banja, zomwe sizichitikachitika kuno kkkk, nde ndatolera okhudza batiki ndi zitenje nkuwaika pamodzi. Ena ndawafupikitsa chifukwa cha malo, eni ake musadandaule.

FUNSO: Anti, ine ndine telala, makina anga ali pakhonde la golosale ina ku Ndirande. Kasitomala wanga anapita ku Indonesia pa za kuntchito nde anzake akumeneko anamupatsa nsalu ziwiri za mphatso, akuti ndi batiki. Wabwera nazo kuti ina ndimusokere shati, inayo ndiidule ndipange kachikwama ka laputopu ndi makhushoni awiri a pasofa. Koma mmene ndazigwirira nsaluzi sizikufanana ndi zitenje zomwe ndinazolowera, ina ikumveka kafungo ka kandulo ndipo maluwa ake kumaso ndi kuseri akuwala chimodzimodzi. Ndikati ndiikepo sizasi dzanja likukana. Ndidule kapena ndimubwezere?
Telala, Ndirande

YANKHO: Achimwene, dzanja lanulo likudziwa ntchito, limvereni kaye. Nsalu musabweze koma musadulenso lero, yambani mwadziwa chomwe chili patebulo panupo.

Batiki kwawo kwenikweni ndi ku Java, chilumba chomwe kuli mzinda wa Jakarta, ndipo chomwe chimachititsa kuti nsalu itchedwe batiki si maluwawo ayi, ndi kapangidwe kake. Amatenga nsalu yoyera nkuikapo phula lotentha pamalo pomwe sakufuna kuti utoto ulowe, kenako nkuinyika mu utoto. Akafuna mtundu wina amamatanso phula pena, kunyikanso, chonchobe mpaka mitundu ikwane, pomaliza nkuiwiritsa m'madzi kuti phula lonse lisungunuke lichoke. Kafungo mwamvako ndi kotsalira ka phulalo, nde pamenepo tadziwa kale kuti imodzi mwa nsalu zanuzo ndi yeniyeni.

Koma zenizenizo zilinso pawiri. Pali yolemba pamanja yomwe eni ake amati tulis. Mayi amakhala pa kampando kakafupi, nsalu ataikoloweka pa kamtanda ka matabwa kutsogolo kwake, pambali pali kachiwaya ka phula pa kambaula. Chida chake ndi canting, kachikho kakang'onong'ono kamkuwa kokhala ndi kamlomo kowonda, chogwirira chake nsungwi kapena mtengo. Amatunga phula, kuuzira kamlomo kaja fuu kuti katseguke, nkuyamba kulemba uku dzanja lina lili kuseri kwa nsalu kuichirikiza, pakangopita kamphindi phula lazizira, abwezere m'chiwaya atungenso lina. Timadontho tomwe mungaone tadzaza mkati mwa tsamba limodzi lokha, kalikonse anakadontheza pakokha, ndipo nsalu zapamwamba amazilemba mbali zonse ziwiri. Nsalu imodzi yotere imadya miyezi, zina za madolo enieni mpaka chaka.

Ndiye pali yodinda, amati cap, yomwe inayamba chapakati pa zaka za m'ma 1800. Apa amagwiritsa ntchito chidindo chamkuwa, kuchiviika mu phula, kudinda, kusuntha, kudinda, ndipo kawirikawiri amagwira ndi azibambo poti chidindocho ndi cholemera. Nayonso ndi batiki yeniyeni poti phula lilipo, kungoti imatha msanga nde mtengo wake ndi wofikirika.

Kuti mudziwe kuti yanu ndi iti, iyaleni poyera masana, sankhani duwa limodzi kapena kambalame kamodzi nkukafananiza ndi kanzake kapatsogolo. Mukaona kuti kena mchira watalikirapo, mzere pena wanenepa pena waonda, madontho sakufanana kukula, imeneyo ndi yolemba. Mukaona zonse zikungobwereza ndendende, ndipo pena pomwe zidindo zinakumana mizere yakwerana kapena yasiyana pang'ono, ndi yodinda. Mukatembenuza nkupeza kuseri kuli mbuu, fungo kulibe, imeneyo ndi ya fakitale yongotengera maluwa a batiki, dulani olo mutatsinzina.

Yodinda nayonso musaiope, ku Indonesia komweko ndi imene amasokera mayunifolomu, makatani, zikwama ndi nsalu za patebulo. Pomwe ine ndingakuletseni ndi kusandutsa yolemba pamanja kukhala khushoni. Khushoni ya pasofa amatsamira aliyense, mafuta a kumutu, ana ndi manja awo a chiponde, kuchapa sabata ndi sabata, pofika Khrisimasi ntchito ya miyezi ya mayi uja yasanduka chisanza. Muitaneni kasitomalayo aone kusiyanako ndi maso ake, mwina mwini wakeyo sakudziwa nkomwe kuti anzake aja anamulemekeza bwanji. Ngati imodzi ili yolemba, imeneyo ikhale shati, inayo ndiyo ipite ku chikwama ndi makhushoni. Akakakamirabe zake, nsalu ndi yake, koma inu mwamuuza.

Pa shati pali kaluso komwe matelala a ku Java amanyadira: maluwa a kumanja ndi a kumanzere amakumana pa mabatani ndendende moti munthu akamanga mabatani chithunzi chimaoneka chathunthu, thumba nalonso limabisala osaoneka pomwe layambira. Kuti zitheke musapinde nsalu pawiri nkudula kamodzi mmene mumachitira ndi mayunifolomu a sukulu, dulani kaye mbali imodzi ya kutsogolo, muiike pa nsalu yotsalayo musakesake pomwe maluwa akulumikizana, osaiwala kusiya ya mpindiro wa mabatani, nkulemba ndi choko. Nsalu zimenezi zimakhala mamita awiri ndi theka kapena kucheperapo, mulifupi mita ndi kapang'ono, nde malo olakwitsa palibe makamaka ngati kasitomala wanu ali ndi kamimba ka mabwana ndipo akufuna manja aatali. Iviikeni m'madzi ozizira iume musanayeze. Ngati ndi shati ya ku ofesi kapena ku ukwati ikani lainingi yopepuka mkati, akumeneko amatero ndipo imagwa bwino pathupi. Chikwama cha laputopu chimakhulika m'minibasi, nde pansi ndi m'makona ikani kanivasi kapena jinzi, batiki ikhale kumaso kokha. Tizidutswa musataye, mkati mwa kolala ya shati yoyera kapena m'mphepete mwa thumba timakhala bwino zedi. Ndipo mtengo musatchule wa shati wamba, ntchitoyi ikudyerani tsiku lonse.

FUNSO: Anti tithandizeni, pa gulupu ya WhatsApp ya kalasi yathu tinakangana mpaka wina anatuluka. Mnyamata wina akuti chitenje si chikhalidwe chathu, ndi cha ku Indonesia chomwe azungu anangotibweretsera, nde akuti ife atsikana tikamachinyadira Lachisanu tikungodzinamiza. Ndi zoona?
Wophunzira, Zomba

YANKHO: Mwana wanga, mnyamatayo wawerengako ndithu koma bukulo sanalimalize.

Pomwe akunena zoona ndi apa. Nthawi yomwe Java inali m'manja mwa atsamunda a ku Netherlands, mafakitale a kwawo anaona kuti batiki ili ndi msika nde anayamba kuyesa kuipanga ndi makina kuti azikagulitsa konko motchipa. Imodzi mwa makampani amenewo ndi yomwe lero timaidziwa kuti Vlisco, inayamba mu 1846 mu tauni ya Helmond. Koma anthu a ku Java omwe anakulira m'nsalu yolemba pamanja sanatengeke nazo kwenikweni, makinawo ankasiya timing'alu ndi timabanga pomwe utoto walowerera ndipo kwa iwo chimenecho chinali chilema. Cha m'ma 1890 wamalonda wina wa ku Scotland, Ebenezer Brown Fleming, anayamba kutumiza nsalu zoterezi ku Gold Coast komwe pano ndi Ghana, ndipo kumeneko timing'alu tomwe tija azimayi anatikonda. Kuchoka apo mafakitale anayamba kujambula zomwe azimayi a kumadzulo kwa Africa akufuna, azimayi a m'misika nkumazipatsa okha mayina nsaluzo, mpaka zinafala ku Congo nkufika kuno kwathu. Nchifukwa chake mpaka lero pamsika umamva kuti ichi ndi Java, ichi ndi waksi.

Koma zitenje zambiri zomwe timagula ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Taifa Market ku Mzuzu phula sizinalionepo, ndi zongodinda utoto ndi makina mbali imodzi, kaya zachokera ku Tanzania, ku China kapena ku fakitale yathu ija ya David Whitehead ku Blantyre yomwe pano ili m'manja mwa Mapeto. Nde kunena kuti chitenje ndi batiki nkulakwitsanso, ubale ulipo koma wapatali.

Tsono zoti si chathu. Makolo athu anali ndi nsalu zawo, chiwondo cha makungwa a mitengo, ndipo ku chigwa cha Shire Amang'anja ankalima thonje nkumawomba okha nsalu, David Livingstone anazipeza zikuchitika mu 1859. Zimenezo zinazilala nsalu za m'sitolo zitachuluka, ndipo ngati mnyamatayo akufuna kudandaula adandaule zimenezo, ine ndimuthandiza. Koma nsalu yomwe mayi ake anamuberekera kumbuyo, yomwe azakhali ake amamanga m'chiuno akamapita kumaliro, yomwe akuchikazi adzasankhe kuti ikhale yunifolomu pa chinkhoswe chake, akati si yathu ndekuti ndi ya ndani? Paja ku Java nakonso mwana amaberekedwa mu batiki ndipo womwalira amafunditsidwa batiki, pamenepo pokha tikufanana osachita kuuzana. Uja anatuluka pagulupu mubwezereni.

FUNSO: Anti ine ndimakhala ku Johannesburg, ndimagulitsa zovala pa intaneti. Masiku ano ndikumaona maluwa a batiki pa chilichonse, ma sneaker, makava a foni, makapu, maambulera, ngakhale pa zopondera za pakhomo. Mtima wina ukuti ndiyambe kuoda ndizigulitsa, mtima wina ukuti uku nkupeputsa chikhalidwe cha eni ake chomwe mpaka a UNESCO anachilemekeza. Inu mukuona bwanji?
Mayi wa bizinesi, Johannesburg

YANKHO: Asisi, zoona a UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, anaika batiki ya ku Indonesia pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu pa 2 Okutobala 2009, ndipo kuyambira apo tsiku limeneli kumeneko ndi tsiku la batiki chaka chilichonse, komanso Lachisanu m'maofesi ambiri amavala batiki monga mmene ife timavalira zitenje. Koma chomwe ankalemekeza si nsalu yotsekeredwa m'galasi ku myuziyamu ayi. Batiki yakhala ikusintha kuyambira kalekale, ndipo ine ndimati ikanapanda kusintha bwenzi pano itatsala m'mabokosi a agogo okha.

Taonani. Ku Yogyakarta ndi ku Solo, mizinda ya mafumu, batiki yake ndi ya mitundu yodekha, yofiirira ya makungwa a mtengo wa soga, yabuluu wakuda, ndi yoyera. Koma m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja kumpoto, ku Pekalongan, ku Cirebon, ku Lasem, komwe kunkakocheza zombo za amalonda, anthu ankangotola chilichonse chowasangalatsa, mitambo ya mega mendung ya ku Cirebon inatengera zojambula za Matchaina, kufiira kotchuka kwa ku Lasem nakonso ndi kwa mabanja a Chitchaina omwe anakhazikika kumeneko, ndipo ku Pekalongan mayi wina wa Chidatchi wobadwira ku Java komweko, Eliza van Zuylen, anatchuka ndi nsalu za mitolo ya maluwa a ku Ulaya. Japan italanda Java kuyambira 1942 mpaka 1945 nsalu yoyera inasowa, nde kunafala sitayilo ya pagi-sore, nsalu imodzi yogawidwa chopingasa, theka dizaini ina theka ina, kuti mayi akaimanga mmawa ioneke ina, madzulo akaitembenuza anthu aziti wasintha.

Ngakhale shati ya batiki yomwe lero timaiona ngati ya makolo ndi ya dzana lomweli. Kale batiki inali yomanga m'chiuno, amuna ndi akazi omwe. Mu 1972 bwanamkubwa wa Jakarta, Ali Sadikin, ndi amene analamula kuti shati ya batiki ya manja aatali izilandiridwa pa zochitika za boma m'malo mwa suti, ndipo m'dziko lotentha lija zinali zanzeru. Mu 1994 pa msonkhano wa APEC, bungwe la zachuma la mayiko ozungulira nyanja ya Pacific, ku Bogor atsogoleri, Bill Clinton yemwe, anajambulitsa atavala mashati a batiki okonzedwa ndi katswiri wa batiki Iwan Tirta. Ndipo inu muli ku Joni simungafunse za shati ya Madiba, Nelson Mandela anapita ku Indonesia mu 1990 atangotuluka kundende, analandira batiki nkuikonda mpaka ankakumana nayo mafumu ndi mapulezidenti anzake onse ali m'masuti. Pano ku mudzi wa Krebet kufupi ndi Yogyakarta amalemba batiki pa mtengo, mbale, mathireyi, zigoba zovala kumaso, ndi canting yomweyo ndi phula lomwelo, ndipo ku Bandung achinyamata ena anapanga pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa jBatik yojambulira madizaini atsopano omwe amisiri amakawalemba pa nsalu. Nde kava ya foni payokha si tchimo.

Pomwe ine pamandiwawa ndi pa dzina. Zambiri mwa zomwe mukuonazo ndi zithunzi za batiki zodindidwa ndi makina pa pulasitiki kapena poliyesita, phula silinayandikirepo, ndipo amisiri a ku Indonesia amalimbikira kuti zimenezo zizitchedwa nsalu za maluwa a batiki osati batiki. Akunena zoona, chifukwa wogula akazolowera kuti batiki ndi ya mtengo wa kaunjika, tsiku lomwe adzaone yolemba pamanja adzati akumubera, ndipo mwana wa mayi wa canting uja akaona kuti amake miyezi yatha pa nsalu imodzi koma ndalama yake yosaoneka, amapita kukafuna ntchito kufakitale luso nkuthera pomwepo. Gulitsani ndithu, koma pa peji yanu lembani zoona, iyi ndi ya makina, iyi ndi ya chidindo cha phula, iyi ndi yolemba. Ndipo ngati mungathe muzisakanizako ndi tinthu tochokera kwa amisiri enieni, sikafu kapena kachikwama ka m'manja, makasitomala a ku Sandton ndalama ali nazo.

Chinanso, si maluwa onse omwe ndi maluwa chabe. Parang, ija ya mizere yopendekeka yokhala ndi ma S olumikizana, m'zaka za m'ma 1700 mafumu a ku Solo ndi ku Yogyakarta anaika malamulo oti mitundu ina ya iyo azivala a kubanja lachifumu okha, ndipo musaganize kuti zinatheratu, mu Disembala 2022 pa phwando la ukwati wa Kaesang Pangarep, mwana wa pulezidenti wa nthawiyo Joko Widodo, lomwe linachitikira ku nyumba yachifumu ya Mangkunegaran ku Solo, alendo anauzidwiratu kuti asabwere atavala parang. Truntum, ya tinyenyezi ting'onoting'ono, amavala makolo a akwati pa tsiku la ukwati, sidomukti ndi ya akwati eni ake, slobog ndi ya pamaliro. Kunja kwa mipanda ya mafumu anthu amavala parang momasuka, pa shati, pa diresi, palibe amakumanga, koma kuiika pa chopondera cha pakhomo kapena pa masilipasi a kubafa ine sindingachite, monganso inu simungatenge chitenje cha Mvano cha mayi anu nkuchisandutsa chokolopera olo chitatha bwanji. Za zopondedwa ndi zokhalira sankhani maluwa, mbalame ndi mitambo za m'mphepete mwa nyanja zija, zimenezo zinakulira pamsika.

FUNSO: Anti, ndife gulu la amayi a banki mkhonde kuno ku Mchinji. Tatopa ndi mandasi, aliyense akugulitsa mandasi. Mmodzi wa ife anaona pa YouTube anthu akupanga batiki nde tikufuna tiyese tizipanga nsalu za patebulo ndi mapilokesi, koma tizida tamkuwa tija kuno kulibe. Tingayambe bwanji?
Mlembi wa gulu, Mchinji

YANKHO: Amayi anga, canting isakuimitseni, ndipo ndikuuzeni mosabisa, olo mutaipeza mawa simungapikisane ndi munthu yemwe anayamba kuigwira ali kamtsikana. Yambani ndi zomwe zili pafupi.

Ku Ghana amadula siponji ya matiresi nkusema zidindo, kuviika mu phula nkumadinda, ena amangogwiritsa ntchito burashi ya penti. Phula lake sakanizani la makandulo ndi la njuchi, la njuchilo funsani alimi a njuchi, ena akafinya uchi zotsalazo amangotaya. La makandulo likachuluka limathetheka nde utoto umalowa m'ming'alu nkupanga timitsempha tija, la njuchi likachuluka mizere imatuluka yosalala, nde muziyesa pa kachigamba mpaka mupeze zomwe mukufuna. Phula lotentha bwino limalowa mpaka kuseri nsalu nkuoneka yonyowa, likangokhala pamwamba loyera ndekuti lazizira ndipo utoto udutsa pansi pake, likayamba kufuka utsi ndekuti lapsa chotsani pamoto msanga, ndipo likagwira moto musayerekeze kuthira madzi chifukwa limawaza moto ponseponse, ingovundikirani. Nsalu ikhale ya kotoni weniweni ndipo muyambe mwaichapa kuti sitachi wa kufakitale achoke, poliyesita utoto sagwira. Utoto ukhale wa madzi ozizira poti otentha asungunula phula ntchito yonse nkuonongeka, ndipo muziyamba ndi mtundu wowala kumalizira wakuda. Pomaliza wiritsani nsalu mu mphika waukulu, madzi akazizira phula limayandama pamwamba nkuuma, litoleni mudzagwiritsenso ntchito.

Koma kwa inu a ku Mchinji ine ndikanakonda muyang'ane kaye tsidya la malire. Ku Mfuwe, kupitirira Chipata, kuli kampani ya Tribal Textiles yomwe imalemba pa nsalu ndi phala la fulawa ndi madzi m'malo mwa phula, likauma padzuwa amapaka utoto ndi burashi, kuiika mu uvuni kuti utoto ugwire, kenako kuchapa nkupala phala lija, pomwe linali pamatsala mizere yoyera. Amapanga makhushoni ndi nsalu za patebulo zomwezo mukufunazo ndipo alendo obwera kudzaona nyama ku paki ya South Luangwa amagula. Ku Zimbabwe amachita zofanana ndi phala la ufa wa chimanga, ku Nigeria Ayoruba ali ndi adire ya phala la chinangwa. Phalalo mumalithira m'kabotolo kofinya kokhala ndi kabowo kakang'ono pa chitsekerero, basi cholembera chapezeka. Kuipa kwake nkwakuti phala silipirira kuviikidwa nthawi yaitali nde kwa oyamba kumene bola kupaka pamwamba, koma ubwino wake chiwaya cha phula lotentha palibe, ndipo pakhomo poti pali ana zimenezo si zazing'ono.

Valani magolovesi, ndipo madzi otsala a utoto musakathire kumtsinje, kudimba kapena pafupi ndi chitsime, kumbani dzenje lake patali. Ku Pekalongan komwe batiki ndi ntchito ya mzinda wonse mitsinje imasintha mtundu, ndipo mu Febuluwale 2021 madzi osefukira m'mudzi wa Jenggot anali ofiira psuu chifukwa cha utoto wa batiki, zithunzi zake zinazungulira dziko lonse.

Za madizaini, chonde musakopere parang ndi mega mendung pafoni, eni ake alipo ndipo amazichita bwino kuposa ife. Yang'anani lichero lanu mmene analukira, mphasa, masamba a chinangwa, mtedza wa m'makoko poti kwanuko ndi kwawo kwa mtedza, nkhanga ndi madontho ake omwe akungodikira chidindo. Ena amathamangira zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza poti nazonso zili pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 2006, koma zina mwa zija ndi za chinamwali ndi za kudambwe, nde musanaziike pa nsalu yoti anthu azidyerapo funsani anamkungwi ndi mafumu kwanuko. Yambani ndi tinthu ting'onoting'ono, mitundu iwiri basi, ndipo nsalu yoyamba musagulitse, ichapeni kangapo muone ngati utoto ukugwira, chifukwa kasitomala yemwe wadzuka tsaya lili la buluu sabweranso.

FUNSO: Anti amuna anga anagula shati ya batiki yokwera mtengo, ndaichapa kawiri kokha yayamba kale kusuluka, pano nkhani yake siikutha m'nyumba muno. Ndinalakwitsa pati?
Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu

YANKHO: Ndikukayikira sopo waufa ndi dzuwa, asisi. Batiki makamaka ya utoto wa makungwa ndi masamba siifuna sopo waukali, jiki, kuviika usiku wonse, burashi kapena kumenyetsa pamwala. Ku Java amachapira zipatso zina zotulutsa thovu zotchedwa lerak, kuno sungunulani kashampu pang'ono m'madzi ozizira muichape payokha ndi manja mofatsa, pakolala ndi m'khwapa mokha ndi momwe mungatikite. Osafinya mopotokola, ingoikutumulani nkuiyanika pamthunzi itatembenuzidwa. Posita simbi isatenthe kwambiri ndipo sitani kuseri kapena muyale kansalu kena pamwamba, perefyumu azipopera pathupi asanavale osati pa shati. Kutaya utoto pang'ono pa kuchapa koyamba sikodabwitsa, ndi wotsalira pamwamba. Womwe wasuluka kale subwerera, koma mukasintha machapidwe isiyira pomwepo. Ndipo ngati bambowo akupitiriza kudandaula, apatseni beseni ndi tsamba lino azichapa okha.